Kandodo Kokokera Kumanzere

A Lodwick anamasula sikuluwu yomaliza n'kuiponya m'chivindikiro cha botolo mmene munali zinzake. Kenaka analowetsa chikhadabo m'mbali mwa chipangizocho, nachitsegula pakati ngati chambo chofuna kuwamba. Fumbi linagwera patebulo pamodzi ndi nyerere ziwiri zakufa.

"Apailoti, ndege yanuyi muli okwera osalipira," anatero.

Tausi sanaseke. Anali chiimire pamutu pawo chifikireni, chikwama chili m'khwapa, ndipo mpando anali ataukana kawiri. Masiku onse a Lodwick akamuseleula kuti apailoti, iye ankabweza kuti ndege yake ikadzabwera iwo adzakhala kumbuyo ndi matumba a usipa. Lolemba limenelo maso ake anali pa chipangizocho basi.

A Lodwick ankakonza mafoni, mawayilesi ndi matochi pakhonde la golosale ina pa Khombedza. Anachokera ku Dedza zaka makumi awiri zapitazo akuti adzangokhala nyengo imodzi, ndipo kutentha kwa kunyanja ankakudandaulabe ngati kwayamba dzulo. Anali munthu wa pakamwa, koma manja awo sankanama. Chinthu chimene iwo anena kuti chafa, mwiniwake ankangopita kukataya.

Chimene anatsegulacho sichinali foni kapena wayilesi. Chinali chogwirira chakuda cha pulasitiki, chachikulu ngati ayironi, chokhala ndi chingwe cholumikizira ku kompyuta. Munthu akachikankhira kutsogolo, ndege ya pakompyuta imawonjezera moto, akachikokera kumbuyo imachepetsa. Pambali pake, pamene pamakhala chala chachikulu cha dzanja lamanzere, panali kandodo kakang'ono kokhotetsera ndegeyo. Kandodo kameneka ndi kamene kanasiya kugwira ntchito m'mawa wa tsikulo, mayeso ali Loweruka.

Tausi anachipeza pa kaunjika zaka ziwiri m'mbuyomo, chili pakati pa nsapato ndi zidole. Wogulitsa ankalumbira kuti ndi choumitsira tsitsi chimene chaduka mutu. Iye anachizindikira chifukwa anali atachionapo pa intaneti, pakuti mtsikana ameneyu matenda ake anali ndege kuyambira ali wamng'ono. Ankagwira ntchito mu shopu ya mayi Florence yotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Mayiwo anamulola kuika pulogalamu yophunzirira kuulutsa ndege pa kompyuta ya mushopumo, bola makasitomala asamadikire. Choncho nthawi ya nkhomaliro, anzake ali pa chipisi, Tausi ankanyamuka pabwalo la ndege la pakompyuta, n'kuuluka pamwamba pa nyanja, n'kubwerera kudzatera. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, kupatula Lamulungu pamene shopu inkakhala yotseka.

Chaka chimenecho bungwe lina lotumiza mankhwala ku zipatala zakumidzi pa droni, tindege tija topanda munthu mkati, linalengeza kuti likufuna achinyamata oti liwaphunzitse ndi kuwalemba ntchito. Tausi analemba mayeso apepala ndipo anakhoza. Anatsala anthu khumi ndi awiri, malo ali anayi. Otsalawo anaitanidwa ku Lilongwe Loweruka kuti akaonetse manja awo pa droni yeniyeni. Bungwelo silinkatenga munthu wopitirira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo Tausi anali kuzipitirira mu Seputembala. Kwa iye kunalibe zoti chaka chamawa. Akalephera, ndiye kuti fotokope mpaka imvi.

A Lodwick anavala magalasi awo omanga ndi waya n'kuyang'ana kandodoko kunsi kwake. Anakagwedeza ndi nsonga ya sikuludiraiva, naikapo timawaya ta mita yawo yoyezera magetsi, kenaka anapukusa mutu. Anafotokoza kuti mkati mwake muli tinjira takuda timene timauza kompyuta kumene chala chakankhira, ndipo tinjirato tinali titafufutika. Chinyontho cha kunyanja nachonso chinali chitachita mbali yake.

"Kameneka sikanafe lero. Kanayamba kudwala kalekale, mwina usanakagule n'komwe. Sikankakokera mbali imodzi?"

"Ayi, kanali bwinobwino," anayankha Tausi.

Ananena zoona monga mmene ankazidziwira. A Lodwick anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, koma sanapitirize chifukwa panafika mayi wina wofuna foni yake.

Kandodo kotere sikagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya ku Salima, koma a Lodwick anati m'mapadi osewerera magemu mumakhala tindodo tofanana nako. Anakhuthula katoni yawo ya zakufa, napeza mapadi atatu, onse tindodo take todyeka kuposa ka Tausi. Lachiwiri anatseka tebulo lawo n'kukwera minibasi yopita ku tauni, kwa mnzawo wokonza mapadi a m'nyumba zamagemu. Anabwerako dzuwa litapendeka, kandodo katsopano kali m'kapepala ka shuga. Miyendo yake sinagwirizane ndi mabowo a pabolodi la mkati mwa chipangizocho, ndiye panafunika kukalumikiza ndi timawaya tisanu ndi kamodzi. Lachitatu m'mawa magetsi anazima. Iwo sanadikire. Anapempha malo pa mbaula ya wokazinga chipisi, natenthetsa chowotcherera chawo pamakala, n'kumaika mtovu kawaya kamodzikamodzi, thukuta likudonthera pa magalasi. Inali ntchito yaudongo, yoti ukaiona umadziwa kuti woichitayo akukufunira zabwino. Kakale kaja anakaponya m'chitini cha mkaka mmene ankasungira tizinthu takufa, pakuti a Lodwick sankataya kanthu.

Magetsi atayaka masana, Tausi anathamanga nacho ku shopu. Mayi Florence anali atamupatsa masiku otsalawo kuti akonzekere, fotokope akupanga okha. Analumikiza chingwe, naika dzanja lamanzere pamalo pake, nakankha moto. Ndege inathamanga pabwalo, koma isananyamuke inakhotera kumanja n'kukalowa m'tchire. Anayambanso. Ulendo uno inanyamuka, kenaka inayamba kuzungulirira kumanja ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Anasiya ndege, nasankha droni imene inali mu pulogalamu yomweyo, ndipo nayonso inangozungulira mpaka kugwa. Anayesa kasanu, anayesa kakhumi. Anachita mantha, kenaka manthawo anasanduka mkwiyo.

Anabwerera kukhonde kuja n'kuwalalatira a Lodwick pamaso pa anthu. Anati amuikira kandodo kokhota, kotola kudzala, ndipo amuphera moyo wake ndi chitsulo chawo cha pamakala. Wokazinga chipisi anasiya kutembenuza mbatata kuti amve bwino. Zinawapweteka a Lodwick, chifukwa pa Khombedza panalibe amene anawanenapo kuti ntchito yawo ndi yokhota. Anatenga kanthu m'chitini cha mkaka, nakaika m'thumba la malaya, n'kumutsatira ku shopu.

Atakhala pa kompyuta anatsegula tsamba limene Tausi anali asanalionepo. Panali kabokosi, pakati pake pali kadontho koonetsa kumene kandodo kakuloza.

"Chotsa dzanja," anatero.

Tausi anachotsa. Kadontho kanaima pakati penipeni, osagwedezeka.

"Tsopano gwira mmene umagwirira ndege ikamayenda molunjika. Usakankhe, ungogwira."

Anagwira. Kadontho kanatsetserekera kumanja n'kukakhala komweko.

"Koma sindikukankha."

"Ndikudziwa kuti iwe sukukankha, mwanangu. Chala chako ndicho chikukankha."

Anatulutsa kandodo kakale kaja n'kukaimika patebulo. Kanali kopendekera kumanzere, pang'ono pokha, koma munthu akauzidwa amaona. Anamusonyeza sipuling'i ya mkati imene inali yothyoka mbali imodzi, ndipo dzimbiri la pothyokapo linali lakalekale. Anamufotokozera mwapang'onopang'ono kuti zaka ziwiri zonsezo kandodo kankakokera kumanzere, iye n'kumabweza kumanja, mpaka chala chinayamba kuyesa kumanja kuti ndiye pakati. Tausi anayang'ana chala chakecho nthawi yaitali. Chinkaoneka ngati chala china chilichonse.

"Ndinkayesa ndi mphepo," anatero.

Sanali yekha amene anayesa choncho. Bambo ake, a Nasir, anali msodzi wa ku Mbenji, ndipo nyengo ya usodzi ikatsegulidwa ankatha milungu ali pachilumbapo. Akazi ku Mbenji saloledwa kupondako. Tausi anakula akuchionera patali chilumba chimene chinamulipirira sukulu, akungomva nkhani zake. Sabata yoyamba atagula chipangizo chija, anaitana bambo ake ku shopu kuti awaonetse zodabwitsa: iye, mwana wamkazi, akupita ku Mbenji kudzera m'mwamba. Pa kompyutapo chilumbacho chinali kadontho kobiriwira chabe, koma a Nasir anavula chipewa n'kukhala pansi. Ndege itafika pamadzi inayamba kupita kumanzere, ndipo Tausi anadandaula kuti mwina chipangizocho n'chowonongeka.

"Chowonongeka chiyani? Mwera umenewo," anatero bambowo. "Anthu amene anapanga zimenezi nyanja amaidziwa. Usalimbane nawo, ungotsamira."

Tsiku limenelo anamuphunzitsa mmene boti limapitira ku Mbenji mwezi wa Juni, kuti sulozetsa mutu pachilumba penipeni koma pambali, dzanja lili chitsamire pa chiwongolero mpaka kufika. Tausi anatsamiritsa chala, ndipo ndege inawongoka. Onse awiri anaseka mpaka mayi Florence anabwera kudzasuzumira. Aka kanali koyamba kuti nzeru za bambo ndi nzeru za mwana zikumane pa chinthu chimodzi, ndipo palibe amene anafuna kuzikayikira. Munthu wa ku Lilongwe akanadabwa tsiku lomwelo kuti ndi mphepo yanji yosasintha chaka chonse. Koma wobadwira kunyanja mphepo saifunsa kumene yachokera, amangophunzira kukhala nayo.

Tausi anapempha a Lodwick kuti abwezeretse kakale kaja. Iwo anamukumbutsa kuti kanafa, ndiponso ngakhale katadzuka, ku Lilongwe sakamupatsa chipangizo chake. Akamupatsa cha bungwe, chatsopano, chokhala ndi tindodo towongoka ngati kamene amuikirako. Anati kuli bwino wadziwa Lachitatu kusiyana n'kukadziwira pamaso pa oyesa. Ankafuna kumulimbitsa mtima, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu, ndipo iwo eni anamva. Tausi anapepesa chifukwa cha zimene anawanena pakhonde paja. A Lodwick anangogwedeza dzanja kuti zimenezo zatha, n'kutuluka ali wera.

Kuyambira pamenepo mpaka shopu kutsekedwa, ndiponso Lachinayi lonse, Tausi analimbana ndi chala chake. Akachiganizira chinkamvera, ndipo droni inkayenda molunjika ndithu. Koma woulutsa droni saganizira chala chokha. Amayang'ana kutalika, amayang'ana batire, amayang'ana potera. Maso akangopita kwina, chala chinkabwerera kwawo mwakachetechete. Anachimanga ndi labala womangira mapepala kuti chizikokedwa kumanzere, koma chinangotupa. Anayesa kugwira ndi nsonga yokha, anayesa kuwerenga mokweza, anayesa kuchimenya patebulo. Mayi Florence anamupatsa tiyi, tiyiyo n'kuzizira osamwedwa. Pa maulendo khumi alionse, atatu okha ndi amene ankatha bwino, ndipo atatuwo ankamusiya thukuta lili kamukamu ngati wanyamula matumba a chimanga. Chimene thupi laphunzira zaka ziwiri silichisiya chifukwa choti mwini wake walira.

Lachinayi masana a Nasir anatulukira, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu tsiku lisanafike. Anasiya maukonde nyengo ya utaka ili pachimake kuti adzaperekeze mwana wawo. Analowa mu shopu akusekerera, nafotokoza kuti ku Mbenji kulibe amene sakudziwa, kuti anzawo a m'boti atumiza moni kwa woulutsa ndege, ndiponso kuti apempha shehe kuti mawa pa mapemphero a Ijumaa pakhale duwa, pemphero lomupempherera Tausi. Anati anzawo ena ayamba kale kukangana ngati lamulo loletsa akazi limafikanso m'mwamba. Anadikira kuti mwana aseke, koma anangoona chala chotupa ndi maso ofiira.

Tausi anawafotokozera zonse. Anawaonetsa kabokosi ndi kadontho, kenaka anawauza za sipuling'i yothyoka. Anayesetsa kusatchula za mwera, koma a Nasir sanali munthu woiwala. Anakhala pa mpando womwe uja anakhalapo zaka ziwiri zapitazo, manja ali pa maondo. Zala zawo zinali zopindika chifukwa chokoka maukonde, moti ngakhale popemphera sizinkawongoka.

"Unanena kuti n'chowonongeka," anatero. "Sabata yoyamba yomwe unanena. Ndine ndinakuuza kuti ndi mphepo."

"Ababa, inunso simunadziwe."

"Sindinadziwe, koma ndinayankhula ngati wodziwa."

Tausi anafuna kuwatonthoza, koma mumtima mwake munali kena kake kovomereza zimene ananenazo, ndipo anachita manyazi nako. Potsiriza bambowo anati inshallah Mulungu agwira chalacho, ndipo mwana anavomera kuti inshallah. Palibe amene anayang'ana mnzake.

Lachisanu Tausi anakwera yekha minibasi ya ku Lilongwe, nakagona kwa azakhali ake ku Kawale. Njira yonse anali atafumbata chala chija m'dzanja lamanja ngati chingathawe.

Mayeso anachitikira pa bwalo la mpira kunja kwa mzinda. Anazika mitengo iwiriiwiri yopaka laimu, yopanga kanjira, ndipo kumapeto kwake anayala nsalu yofiira. Aliyense anayenera kunyamutsa droni, kuidutsitsa pakati pa mitengoyo, kuiimitsa m'mwamba pamwamba pa nsalu, n'kuitsitsa. Woyesa anali mayi wina wamfupi wovala chipewa, amene anali ndi chowongolera chake choti alande droni ikafuna kugwa. Anzake a Tausi ambiri anali a m'tauni, ena anali atagwirapo droni zojambulira maukwati. Anamufunsa kumene anaphunzirira, ndipo atanena kuti pa kompyuta ya fotokope ku Khombedza anaseka, koma osati mwachipongwe.

Dzina lake linaitanidwa lachisanu ndi chiwiri. Chowongolera chinali chopepuka, tindodo take tiwiri tofewa, ndipo kakumanzere ndi kamene kankakhotetsa. Droni inanyamuka bwino kwambiri, moti woyesa anakweza nsidze. Inadutsa mitengo yoyamba pakati penipeni. Inadutsa yachiwiri. Mtima wa Tausi unali wonse pa chala, akuchiuza chamumtima kuti khala, khala pomwepo. Kwa kanthawi kochepa anakhulupirira kuti duwa ya ku mzikiti yafika.

"Muli pa mamita angati?" anafunsa woyesa.

Linali funso wamba limene ankafunsa aliyense. Tausi anatsitsa maso kuti awerenge nambala pagalasi la chowongolera. Sanathe ngakhale masekondi atatu. Atakweza maso, droni inali itatembenukira kumanja, ikupita chammbali ku mtengo wachitatu. Anabweza mwamantha, napitirira muyeso, ndipo phiko limodzi linakhudza mtengo n'kulira. Woyesa analanda droniyo n'kuitsitsa pa udzu, kutali ndi nsalu yofiira.

Mayeso atatha, mayi uja anamuitanira pambali. Anamuuza kuti ponyamuka palibe amene anamuposa, ndipo zikuoneka kuti waika maola ambiri pa ntchitoyi. Kenaka anamufunsa amene anamuphunzitsa kutsamiritsa chala choncho. Tausi anati palibe. Mayiyo anati chizolowezi chotere chimachoka, mwina pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo adzayesenso chaka chamawa. Anatsegula fayilo kuti alembe mawu omuyamikira, naona tsiku lobadwa, n'kuitsekanso.

"Pepani, chemwali," anatero.

Lamulungu a Nasir anali pa siteji ya Khombedza kuyambira m'mawa, akusuzumira minibasi iliyonse yochokera ku tauni. Mwana wawo atatsika sanamufunse kanthu, nkhope inali itanena kale. Anamulandira chikwama n'kuyenda patsogolo mpaka kunyumba. Lolemba kusanatenthe anabwerera ku Mbenji, ngakhale anali atanena kuti akhala sabata yonse. Anthu anati akuthamangira utaka, koma Tausi ankadziwa kuti pachilumba pokha ndi pamene sangakumane ndi maso ake.

Tsiku lomwelo, nthawi ya nkhomaliro, Tausi anaika chipangizo chija patebulo la a Lodwick. Iwo anali atamva kale, pakuti pa Khombedza nkhani imafika minibasi isanaime. Sanamutchule apailoti. Anamupatsa mpando, ndipo ulendo uno anakhala.

"Kakale kaja mukadali nako?"

"Kali m'chitini. Koma ndinakuuza, kanafa."

"Sipuling'i yake sinafe. Muichotse muiike m'katsopanoka."

A Lodwick anavula magalasi. Anamuuza kuti sipuling'i imeneyo ndi imene yamupweteka, ndipo akaiika kandodo kadzakokeranso kumanzere ngati kale. Anati iye akadali mwana, mabungwe ndi ambiri, droni sizitha lero, ndipo miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Anati angathe kumuikira sipuling'i yolimba yoti chala chiziwawa chikatsamira, kuti chiphunzire msanga. Anayankhula zambiri, ndipo zina mwa izo zinali zoona. Tausi anamvetsera zonse mwaulemu, maso ali pa chitini cha mkaka.

"Zaka makumi awiri ndili pakhonde pano," anatero a Lodwick, "palibe amene anandipemphapo kuti ndiwononge chinthu chimene ndakonza."

"Simukuwononga. Ndege yokhayo imene imandimvera ndi imeneyo, a Lodwick. Ndibwezereni."

A Lodwick anavalanso magalasi. Kenaka anakhuthulira chitini patebulo n'kuyamba kufufuza pakati pa mabatire otupa ndi timagalasi tosweka ta mafoni. Ntchitoyo sinatenge ngakhale theka la ola. Manja awo anaichita mwaudongo monga mwa masiku onse, koma pomupatsa chipangizocho anayang'ana kumsewu.

Mu shopu munalibe munthu, mayi Florence anali atapita kukadya. Tausi analumikiza chingwe, naika dzanja pamalo pake. Chala chinapeza kandodo n'kutsamira, ndipo kandodo nako kanatsamira kubweza. Anakankha moto. Ndege inathamanga pakati penipeni pa bwalo n'kunyamuka bwinobwino, osagwedezeka. Inadutsa msewu, inadutsa minda ya mpunga, inafika pamadzi. Kutsogolo kunaoneka kadontho kobiriwira kaja, ndipo ndege inalunjika komweko ngati yakokedwa ndi chingwe. Misozi inali kutsika, koma dzanja linali phee.

Pakhomo panagogoda munthu. Anali mphunzitsi wina wa ku pulayimale, atanyamula mulu wa mapepala a mayeso a ana. Tausi anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, nachotsa dzanja pa chipangizo, n'kuimirira. Kumbuyo kwake ndege inayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono, ikusiya chilumba, ikutsikira kumadzi. Iye sanacheuke.

"Makope angati, aphunzitsi?" anafunsa.